Mzinda Wotsata Mapazi a Amai

Abale anga, tiyambe ndi zimene maso athu aona masiku onse. Kuno ku mapiri a Dedza, m'midzi ya Achewa, mnyamata akakwatira anka kwao kwa mkazi kukakhala chikamwini, ndipo akuchikazi ndiwo amlozera malo omangapo nyumba. Mbumba ikhala pamodzi, mai ndi ana ache akazi, makomo oyandikana, kuti wodwala amvedwe usiku, ndi mwana wosewera aonedwe usana. Mudzi wotere sudalembedwe pa pepala ai. Udatsata mapazi a amai, kuchokera ku chitsime kunka ku mtondo, kuchokera ku nkhokwe kunka ku mafuwa.

Koma ana athu akatsikira ku Lilongwe kukafuna ntchito apeza zina. Mzinda umenewo udakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975, ndipo mapu ache adajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa. Iwo adaugawa m'zigawo za manambala zotalikirana, ndi miseu yoyenera mwini galimoto. Osauka ambiri sadapezemo malo, nakamanga mothithikana m'mbali, monga ku Mtandire. Kodi amva kuwawa kwache ndani? Ndiye mai wolawira m'bandakucha kukaima pa mzere wa madzi, wolumpha ngalande ali ndi mwana ku msana, woopa njira ya mdima pochokera ku msika.

Tsono mverani chimene adachita amai a ku Mtandire komweko. M'chaka cha 2003 adayamba timagulu tosunga ndalama, yense naponya pang'ono pang'ono monga adakhoza. Timaguluto tidabala bungwe la Malawi Homeless People's Federation, limene ambiri a anthu ache ndiwo akazi, lothandizana ndi bungwe lina lochedwa CCODE. Thumba lao la ngongole za nyumba adalicha Mchenga, pakuti kamchenga kamodzi nkachabe, koma wochuluka umanga nyumba. Akale adanenetsa kuti madzi atupa ndi a m'njira.

Ndi kabuku ka ndalama m'manja adanka kwa akulu a mizinda kukapempha malo. Adalandira mapuloti 222 ku Area 49 ku Lilongwe, 465 kwa Angelo Goveya ku Blantyre, ndi 83 ku Mzuzu. Chachikulu nchakuti sadangolandira: adatsutsa ndi miyeso yomwe. Adapempha kuti mapuloti achepetsedwe ndi miseu isatambalale kopambana, kuti mabanja ambiri alowepo ndi mtengo utsike. Adaumba zidina zouma ndi dzuwa m'malo mwa njerwa zootcha zotha mitengo, namanga zimbudzi zosandutsa zonyansa kukhala manyowa. Pambuyo pache adayenda khomo ndi khomo m'malo othithikana, kuwerenga nyumba, mipope ndi zimbudzi, kuti polankhula ndi a Boma akhale ndi umboni wao wao.

Nzeru imeneyi siya kuno kokha. Ku Vienna, likulu la dziko la Austria, mai wodziwa kukonza mizinda dzina lache Eva Kail adalimbikira kuti akazi ajambule okha mudzi wa nyumba zoposa 350, umene udatha kumangidwa m'chaka cha 1997. Adaika bwalo la ana pamene makolo aliona ali m'nyumba, sukulu ya mkaka pomwepo, ndi njira zowala zosabisa munthu woipa. Taonani, Azungu adachita kuphunzira ndi khama chimene agogo athu akazi adachidziwa kale.

Mau awa atikhudza ifenso, popeza Dedza, Linthipe, Chimbiya ndi Lobi zirinkukula chaka ndi chaka, ndipo minda ya dzulo isanduka mapuloti. Chingwe choyesera chikapita, kukonza pambuyo nkovuta: nyumba ikaima pa njira ya madzi, mibadwo idzalira nayo.

Chifukwa chache inu amai, mukamva kuti kwa amfumu kapena ku khonsolo kuli msonkhano wogawa malo, musatsalire ku mtondo. Kafunseni: mjigo ukhala pati? Mwana adzaoloka pati ponka ku sukulu? Madzi a mvula adzatsikira kuti? Wogulitsa mbatata adzabisala pati Juni akazizira? Ndipo inu abambo ndi mafumu, apatseni mpando, mumve mau ao musanakhome zikhomo, pakuti kutalika kwa chitsime akudziwa ndiye wosenza mtsuko.