Nyumba Ili ku Lusaka, Mwini Ali Kumudzi: Nanga Msonkho Alipira Ndani?

M'midzi ya ku Petauke, Katete, Chadiza ndi Chipata muli anthu ambiri amene anagwira nchito mu Lusaka, ndipo atapuma anabwerera kwao kukalima. Ena mwa iwo anasiya nyumba mu Kabwata kapena mu Chelstone, naikamo munthu wolipira renti kapena mwana wa mlongo wao. Anthu otere ayenera kudziwa kuti nyumbayo ili ndi msonkho wake wa ku khonsolo, umene a m'tauni aucha mareti, ndipo ngongole yake imalondola mwini nyumba kulikonse kumene akhala.

Akulu-akulu akamva za msonkho wa nyumba akumbuka nkhani za makolo ao. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, kampani ya British South Africa inaika msonkho pa nyumba za m'midzi, ndipo amuna ambiri anayenda ulendo wa pansi kunka ku migodi ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia kukafuna ndalama zake. Msonkho wa lero ndi wina. Nyumba zomangidwa pa nthaka ya mwambo, imene ili m'manja mwa mafumu, sizilipira mareti. Olipira ndi eni nyumba, masitolo ndi mafakitale a m'dera limene khonsolo yalilemba m'buku lake, kaya ndi mu Lusaka kapena m'matauni ang'ono-ang'ono a m'maboma.

Mabanja ambiri a mu Kabwata, Libala, Chilenje ndi Chelstone anayamba kukhudzidwa ndi nkhaniyi m'caka ca 1996. Kufikira nthawi imeneyo nyumba zambiri za m'malo awa zinali za khonsolo, ndipo okhalamo anali kulipira renti mwezi ndi mwezi. M'caka cimeneco Boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linalamula kuti nyumbazo zigulitsidwe kwa okhalamo pa mtengo wotsika. Renti inathera pomwepo, koma amene anagula anasanduka eni nyumba, ndipo anasenza udindo umene eni nyumba a ku Woodlands ndi Kabulonga anali nao kale.

Lamulo loyendetsa msonkhowu tsopano ndi Rating Act la 2018, limene linalowa m'malo mwa lamulo la 1997. Khonsolo siyang'ana malipiro a munthu kapena kukula kwa banja lake. Iyang'ana mtengo wa malo. Akatswiri oyesa mitengo ya nyumba amayendera ploti ndi ploti, naona kukula kwake, mamangidwe a nyumba ndi dera limene ili, kenaka alemba ndalama zimene malowo angagulidwe atati agulitsidwe. Mitengo yonseyi ilowa m'buku lalikulu la khonsolo, limene lamulo lifuna kuti lizikonzedwa mwatsopano pa zaka zisanu zilizonse. Munthu akamanga zipinda zina kumbuyo kwa nyumba, khonsolo ingathe kuyesanso malo akewo buku latsopano lisanafike.

Pambuyo pace khonsolo iika gawo limene munthu adzalipira pa mtengo wa malo ake. Mwacitsanzo cabe, ngati gawolo likhala ngwee imodzi pa K10 iliyonse, nyumba ya mu Kabwata yoyesedwa K500,000 idzalipira K500 pa caka, pamene nyumba ya mu Kabulonga yoyesedwa K3,000,000 idzalipira K3,000. Gawo ndi limodzi, koma ndalama zisiyana cifukwa mitengo ya nyumbazo isiyana. Masitolo ndi maofesi, monga a mu Cairo Road ndi Freedom Way, aikidwa pa gawo lokwera kuposa nyumba zogonamo. Machalichi ndi manda salipira.

Buku latsopano likakonzedwa, khonsolo imalengeza m'nyuzipepala kuti eni malo abwere kudzaliona. Munthu amene aona kuti nyumba yake aikweza mtengo mopitirira ali ndi ufulu wolemba dandaulo lake, ndipo nkhani yake imamvedwa ndi bwalo lochedwa Rating Valuation Tribunal. Koma dandaulo liyenera kufika m'masiku amene alengezedwa. Apa ndi pamene munthu wa kumudzi amaphonya kawiri-kawiri, pakuti cilengezo cimatuluka iye ali m'munda, ndipo akamadzamva, masiku atha kale.

Makalata a ngongole naonso amafikira pa nyumba ya m'tauni. Wokhalamo angawaike pansi pa mphasa osauza mwini, poti dzina lolembedwapo si lake. Caka ndi caka ndalama ziunjikana, ndipo akulu anati mlandu suola. Lamulo lipatsa khonsolo mphamvu yotumiza anthu odzalanda katundu kuti ngongole ibwezedwe. Mwini nyumba akamwalira, ngongoleyo siifa naye: mkazi wamasiye, ana ndi woyang'anira cuma ca masiye amakaipeza pa tsiku limene afuna kusintha dzina kapena kugulitsa nyumba.

Cina cimene cisokoneza anthu ndi kuganiza kuti ndalama za nyumba zonse zipita kumodzi. Nthaka yonse ya m'Zambia ili m'dzina la Pulezidenti, ndipo wokhala ndi cikalata ca umwini amabwereka nthakayo, kawiri-kawiri kwa zaka 99. Cifukwa ca ici alipira renti ya nthaka ku Unduna wa za Malo. Msonkho wa pogulitsa nyumba upita ku Zambia Revenue Authority. Mareti okha ndiwo apita ku khonsolo, imene likulu lake mu Lusaka lili ku Civic Centre pa msewu wa Independence Avenue. Risiti la kumodzi silitseka ngongole ya kwina.

Eni nyumba ambiri amafunsa kuti ndalama zao zigwira nchito yanji, poona maenje m'misewu ndi madzi osefukira nthawi ya dzinja. Funso limeneli ndi loyenera. Mareti ndi imodzi mwa njira zazikulu zimene khonsolo ipezera ndalama zoyeretsera ngalande, zoyatsira magetsi a m'misewu, zosamalira manda ndi zoyendetsera ozima moto. Mliri wa kolera umene unagwa mu Lusaka m'zaka za 2017 ndi 2018, ndiponso 2023 ndi 2024, unaonetsa zimene zicitika mzinda ukalephera kusunga ukhondo. Wolipira msonkho ali ndi pakamwa pofunsira khansala wa dera lake za nchito zimenezi.

Cotero munthu wa kumudzi amene ali ndi nyumba mu Lusaka acita bwino kufika ku khonsolo kamodzi pa caka, kapena kutuma mwana wokhulupirika, atanyamula nambala ya ploti. Afunse ngongole imene ilipo, aone mtengo umene nyumba yake yalembedwa, asiye nambala ya foni imene angapezekepo, ndipo asunge marisiti onse pamodzi ndi cikalata ca nyumba. Nthawi yabwino ya ulendo wotere ndi pambuyo pa kukolola, ndalama za cimanga ndi nshawa zisanathe.