Mayeso a Kubernetes: Citupa Citi Ciyenela Mwana Wanu?

Mwana akabwela kucokela ku koleji napempha ndalama za mayeso a Kubernetes, makolo ambili kumudzi amangoyang'anana. Komatu ndalamazo si zamasewela. M'caka ca 2025 mayeso a CKA anali pa madola 445 a ku America, mtengo wofuna kuti banja ligulitse matumba ambili a cimanga.

Masiku ano mapulogalamu a kompyuta amamangidwa m'mitolo yochedwa makontena, mtolo uliwonse uli ndi zonse zofunika kuti ugwile nchito. Kubernetes ndiye kapitao wa mitoloyi: amaigawa pa makompyuta ambili, ndipo wina ukafa amadzutsa wina m'malo mwake. Anayambitsidwa ndi kampani ya Google mu 2014, koma zitupa zake zimapelekedwa ndi mabungwe a Linux Foundation ndi CNCF.

Zitupazi zimasiyana monga khasu ndi nkhwangwa. Wofuna kukhala mlonda wa makina, wowakonza akafa pakati pa usiku, asankhe CKA, imene inayamba mu 2017. Amene mtima wake uli pa kulemba mapulogalamu, yake ndi CKAD ya mu 2018. Mayeso onse awili ndi a manja. Kwa maola awili wolemba amapatsidwa makina enieni kuti akonze zolakwika, ndipo amapambana akafika pa 66 pelesenti. Woloweza mabuku cabe amagwa pamenepa.

CKS, ya citetezo, salemba munthu amene sanapambane CKA. Ndipo mwana amene sanagwilepo nchito angacite bwino kuyamba ndi KCNA, mayeso osankha yankho, a mphindi 90, otsikilapo mtengo, ngakhale kuti olemba anthu nchito amayang'ana kwambili zitupa za manja zija.

Makolo afunsenso za nthawi. Kuyambila mu April 2024 citupa cimatha mphamvu pakapita zaka 2, motelo kulemba nchito isanaoneke n'komwe ndiko kukolola nkhokwe isanamangidwe.

Mayeso amalembedwa pa intaneti, woyang'anila akuonelela pa kamela. Pafunika cipinda cabata ndi magetsi osazima kwa maola awili athunthu. Onse okumbukila mdima wa mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba, adziwa cifukwa cake mwana wa ku Chadiza kapena ku Vubwi ayenela kupeza malo odalilika asanasankhe tsiku lolemba.