Thonje ndi Ana a Chidikha cha Lilongwe

Aliyense woyenda pa msewu wa ku Mchinji m'mwezi wa Epulo, kuchokera ku Mpingu kufikira ku Namitete, kapena wopatukira cha ku Nsaru ndi kwa Kabudula, adzaona zigafa za fodya ndi minda ya mtedza, soya ndi chimanga, koma munda wa thonje adzaufunafuna osaupeza; ndipo popeza anthu a kumeneko ndi alimi akhama, amene sakadalekerera mbewu yandalama kuwapitirira, nkoyenera kufunsa chimene chinawaletsa.

Chinawaletsa ndi kuzizira. Thonje ndi mbewu ya kotentha, yofuna miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi ya dzuwa lamphamvu, ndipo kutentha kukatsika kufika pa madigiri 15 limaleka kukula. Tsono chidikha cha Lilongwe, pokhala pamtunda wopitirira mamita 1,000, chimayamba kuzizira usiku pa nthawi yomwe zipatso za thonje ziyenera kukhwima ndi kuphulika. Nchifukwa chake kwawo kwa thonje ndi ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima ndi Karonga. Ku chigwa cha Shire mbewuyi ndi yamakedzana, pakuti David Livingstone, pofika kumeneko mu 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zawozawo.

Mlimi amabzala ndi mvula yoyamba, napatulira mbande zikamera, napalira kawiri kapena katatu, popeza thonje laling'ono silipirira udzu. Koma walira mvula walira matope: wofuna ndalama za thonje walandiranso mbozi zoboola zipatso ndi nsabwe zoyamwa masamba, ndipo pankhondo imeneyi ndi pamene moyo wa mlimi umakhala pachiswe. Mankhwala opopera amalowa m'thupi kudzera pakhungu, m'mphuno ndi m'kamwa. Munthu wopopera chifuwa chili pamtunda, mphepo ikumubwezera mankhwala kumaso, kenaka nkukadya nsima osasamba ndi sopo, amamva mutu, chizungulire ndi nseru, ndipo ena amafika pokomoka. Chondimvetsa chisoni koposa ndi botolo lotha mankhwala limene limasanduka chosungiramo mchere kapena mafuta ophikira, m'nyumba momwe muli ana. Malangizo ake si ovuta: kuvala zophimba thupi lonse, kupopera m'mawa mphepo isanadzuke, kuchotsa ana ndi amayi oyembekezera m'munda, ndi kuboola botolo lililonse lotha kuti wina asalitole. Akatha kutola thonje, mlimi ayenera kuzula mitengo yake ndi kuitentha, kuti mbozi zisapeze pogonera kudikira chaka chamawa.

Pofuna kuchepetsa kupopera kumeneku, akatswiri anayamba kuyesa thonje la Bt ku sukulu ya zaulimi ya Bunda mu 2013, ndipo pofika mu 2019 alimi anayamba kulibzala. M'mbewuyi anaikamo chibadwa chochokera kwa kachilombo ka m'nthaka kotchedwa Bacillus thuringiensis, kotero kuti mbozi ikadya tsamba kapena chipatso imafa. Nsabwe zokha sizifa nayo, ndiponso mbewu yake ndi yokwera mtengo, yoyenera kugula chaka ndi chaka. Mlimi wouzidwa ubwino wokhawokha, osauzidwa ziwirizi, wachimwiridwa.

Thonje likagulidwa limapita ku makina olekanitsa ubweya ndi njere. Pa makilogalamu 100 alionse, ubweya umangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo umamangidwa m'mabelo. Njere amaziyenga mafuta ophikira, zotsalira zake nkukhala chakudya cha ng'ombe, ngakhale nkhumba ndi nkhuku siziyenera kudya zambiri chifukwa cha poizoni wachibadwa wotchedwa gossypol. Mabelo ena amapotedwa ndi kuombedwa nsalu ku fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, koma ambiri amatuluka m'dziko osapotedwa, pamene ife eni nthaka tikupikisana pa kaunjika pa msika wa Nsaru.

Apa ndi pamene mwana wa ku Nambuma kapena Namitete ali ndi gawo lake, ngakhale atate wake sanabzalepo thonje. Ntchito ya mbewuyi siithera pa khasu: ifuna alangizi, odziwa za tizilombo ndi nthaka, oyesa mbewu ngati idzamera, oona za ubwino wa ubweya, ndi amisiri okonza makina. Ndipo zipata za maphunziro amenewa zili pakhomo penipeni, pakuti malo a kafukufuku a Chitedze, otsegulidwa mu 1948, kumene kuli nkhokwe yosungira mitundu ya mbewu za dziko lino ndi ofesi yoyesa mbewu, ali m'dera la Mpingu; sukulu ya Natural Resources College ili chapafupi, ndipo pamodzi ndi Bunda ili pansi pa yunivesite ya LUANAR. Kafukufuku wa thonje lenilenilo likulu lake ndi ku Makoka, m'boma la Zomba. Makolo amene amauza mwana kuti aphunzire kuti athawe ulimi akadamuuzanso kuti alimbikire masamu, biology, chemistry ndi phunziro la zaulimi pa mayeso a MSCE, chifukwa amenewa ndiwo maphunziro amene sukulu zimenezi zimayang'ana posankha ophunzira, atsikana ndi anyamata omwe.