Kucoka ku Lusaka Kufika ku London: Mtunda ndi Maola a Ulendo

Ambili mumpingo tili ndi ana amene agwila nchito ku Britain, ndipo ena mukonzekela kukawaona. Nazi zofunika kudziwa musanagule tikiti.

Mtunda wocoka ku Lusaka kufika ku London ndi makilomita pafupifupi 7,900. Ndeke yosaima panjila imatenga maola pafupifupi 10, koma kampani ya British Airways inaleka ulendo wotelo mu 2013. Conco apaulendo amasintha ndeke panjila, monga ku Addis Ababa, Nairobi, Doha kapena Dubai. Mukadzela ku Dubai, mudzauluka maola pafupifupi 7 kufika kumeneko, ndi ena 7 kapena 8 kufika ku London. Mukaonjezela nthawi yoyembekezela pabwalo la ndeke, ulendo wonse ungapitilile maola 18.

Cimene cimasokoneza ambili ndi wochi. Nthawi yolembedwa pa tikiti ndi ya kumalo kumene ndekeyo inyamukila kapena kutela. Nthawi ya ku Dubai ili patsogolo pa yathu ndi maola 2. Ya ku London ili kumbuyo ndi maola 2, koma kuyambila kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October kusiyana kwake ndi ola limodzi cabe.

Mukangotela, sinthani wochi kuti ndeke yaciwili isakusiyeni. Amene mumamwa mankhwala a shuga kapena a BP, muwaike m'cola ca m'manja, ndipo mufunsiletu adokotala za nthawi yomwela.

Ambuye akutsogoleleni paulendo wanu.