Nsomba Ikamangojompha Nyambo Osameza Mbedza

Asodzi a mbedza ambiri m'madoko mwathu amadandaula za vuto limodzi: chingwe chikugwedezeka ndithu, koma ukakoka mbedza ikubwera yokha, nyambo itatha. Ena amafika poganiza kuti awalodza. Tisanafike kumeneko, tiyeni tiyambe taona kadyedwe ka nsombazo.

Chambo ndi utaka sizimeza nyambo mwaphuma ngati mmene zimachitira ncheni ndi kampango. Chakudya chake ndi ndere ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi. Zimayamwa chakudya, kuchilawa, ndipo zikamva cholimba zimalavula msanga. Mbedza ikakula kuposa pakamwa pake, nsomba imangodyerera nyongolotsi m'mbali mpaka kuitha. Apa chofunika ndi kuchepetsa mbedza ndi nyambo yomwe. Kumbukirani kuti pa mbedza zing'onozing'ono zogula m'sitolo, nambala ikamakwera mbedza imachepa: nambala 12 ndi yaing'ono kuposa nambala 6. Musafulumirenso kukoka, dikirani chingwe chiyambe kuyenda.

Koma pali kujompha kwina kumene si kwa njala, ndipo ndi kumene tikufuna makomiti akumvetse bwino. M'nyengo yoswana, chambo chachimuna chimakonza chisa pamchenga ndi kumachilondera. Kanthu kakagwera pachisapo, chimakagunda kapena kukanyamula ndi kukakataya kunja, osadya. Chachikazi nacho chimasunga mazira ndi ana m'kamwa kwa masabata angapo, ndipo nthawi imeneyi sichilabadira nyambo. Mungasinthe mbedza tsiku lonse, simuphula kanthu.

Ngozi imabwera msodzi akatopa. Poona kuti nsomba zilipo koma zikukana mbedza, amakatenga khoka kapena neti ya udzudzu. Khoka likakwekwesa pansi limafafaniza zisa, ndipo chambo chimodzi chogwidwa chili ndi ana m'kamwa ndiye kuti taphera pamodzi ana mazanamazana. Anzathu a ku Nyanja ya Malombe akudziwa mapeto ake. Chambo chitachepa kwambiri kumeneko, ndi pamene makomiti a m'madoko anayambitsidwa m'chaka cha 1993.

Choncho mukapeza malo a mchenga osaya pamene nsomba zikungogunda nyambo, makamaka mvula ikayandikira, sunthani bwato mukawedze kwina. Mukafika kudoko dziwitsani komiti. Akomiti akambirane ndi amfumu komanso mlangizi wa zausodzi ngati malowo angaikidwe m'gulu la malo otetezedwa oswanirana nsomba.