ZOBVALA ZOTETEZA ANZATHU OLEMALA
Nkhani yokambidwa pa wailesi



Mwamuna wogwira nchito pansi pa mgodi satsika wopanda cisoti colimba ndi majombo, pakuti adziwa kuti kamwala kakang'ono kakagwa kucokera pamwamba kakhoza kutha moyo wace. Zobvala zimenezi zipangidwa zambirimbiri m'fakitale. Koma alipo anzathu ena amene afunika kutetezedwa tsiku ndi tsiku ali pakhomo pao, ndipo cobvala ca iwo simungangocitola m'sitolo ya mu Cairo Road. Ndinena za olemala. Lero tikambe za magulu a ophunzira amene ayesa kupanga zinthu zotere, ndi cifukwa cace nchitoyi iri yobvuta koposa m'mene ionekera.

Mlonda akagona

Ululu ndiwo mlonda wa thupi. Mukaponda msomali mulumpha msanga. Koma khate lipha mitsempha ya kumva, ndipo nthenda ya shuga icita comweco ku mapazi. Dokotala Paul Brand, pogwira nchito ku Vellore m'dziko la India m'zaka za m'ma 1950, anaonetsa kuti zala za odwala khate zimatha makamaka cifukwa ca mabala amene munthu sawamva. Cotero anapangitsa nsapato za mphira wofewa m'kati, zopanda misomali, zoyesedwa pa phazi la mwini wace.

Munthu wothyoka msana, monga ena ogweredwa ndi mwala ku mgodi, ali ndi bvuto lofanana. Akakhala pa mpando wouma maora angapo osasuntha, mafupa a m'matako apanikiza mnofu, mwazi uleka kuyenda, ndipo pabuka cironda cozama cimene cikhoza kumupha. Kwa iye mtsamiro woumbidwa bwino ndiwo cisoti cace. Mwana wa khunyu amene agwa kawirikawiri afunika cisoti cofewa. Koma cikakhala colemera ndi cotentha m'mwezi wa October adzacibvula, ndipo cisoti copacikidwa pa msomali sicichinjiriza mutu.

Zimene zinacitika m'mzinda wathu

M'caka ca 1991 anzathu olemala a mu Lusaka anayambitsa malo ochedwa Disacare, opangira njinga za olemala zolimba, zokhoza kuyenda m'miseu ya miyala ndi fumbi. Ophunzira a sukulu yaikuru ya ku Amereka yochedwa MIT anadza kudzagwira nchito ndi amisiri amenewa. Mmodzi wa iwo, mtsikana, anathandizana nao kupanga ambulansi yokokedwa ndi njinga, ya cophimba cochinga dzuwa ndi mvula, imene anaicha Zambulance. Ndipo m'caka ca 2008 analemba buku la mayeso ace pa nkhani yomweyi.

M'caka ca 2013 ku Lusaka kunacitika msonkhano wa International Development Design Summit, umene Mai Amy Smith a ku MIT anauyambitsa mu 2007. Ophunzira, alimi ndi amisiri a maiko ambiri anaikidwa m'magulu, nakhala pamodzi monga mwezi wathunthu. Zimene anapanga zinali za mitundumitundu, koma njira yao ndiyo imene ifunika kwa aliyense wofuna kuteteza thupi la mnzace.

Njira yace

Coyamba ndi kufunsa. Akuru anati, safunsa anadya phula. Gulu lanzeru siliyamba ndi pensulo ai. Lipita ku nyumba ya munthuyo, kaya ku Kabwata kaya ku Chelstone, nilipenya khomo lace, njira ya ku cimbudzi ndi basi imene akwera. Iye mwini akhala mmodzi wa gululo, popeza ndiye adziwa pamene cinthu cimtsina.

Caciwiri ndi kupanga coyesera ca mtengo wocepa. Pano tiphunzira kwa amisiri olemala a APTERS, amene anayamba nchito yao pa cipatala cacikuru ca University Teaching Hospital. Iwo aumba mipando ya ana amene ubongo wao unabvulala pobadwa, ndipo zipangizo zao ndi makatoni, manyuzipepala akale ndi phala la ufa basi. Luso limeneli linacokera ku Zimbabwe kwa Bambo Bevill Packer. Katoni ikalakwika muidula, muyambanso, osataya ndalama zambiri.

Cacitatu ndi kupereka coyeseraco kuti cibvalidwe, ndi kubwerako kudzaona. Apa ndipo pali ngozi, cifukwa munthu wosamva ululu sangakuuzeni kuti nsapato imcekeca. Cotero aibvale kanthawi kocepa poyamba, kenaka khungu lipenyedwe bwino. Pakakhala malo ofiira, akuda koposa, kapena otentha, amene sabwerera mwakale pakapita mphindi 30, cinthuco cikonzedwenso. Nchito imeneyi icitike pamaso pa a cipatala, pakuti cobvala colakwika cibvulaza amene cinayenera kumsunga.

Cacinai ndi kusankha zipangizo zopezeka konkuno. Ngati lamba akaduka afunika kuitanitsidwa ku Ulaya, cinthuco catha nchito. Koma ngati telala wa ku Kamwala kapena wokonza njinga wa ku msika wa Soweto akhoza kucikonza, cidzakhala zaka.

Mau otsiriza

M'caka ca 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano losamala ufulu wa olemala. Lamulo ndi labwino, koma lamulo silisoka nsapato. Inu anyamata ndi atsikana a ku Yunivesite ya Zambia ndi masukulu a zaumisiri, nchito ikudikirani pafupi ndi makomo anu. Ndipo inu makolo ndi abale, ophunzira akadza kwanu ndi cinthu cimene apanga, musacite manyazi kunena kuti cikutsina kapena cikutentha. Kuyamika cinthu cosakwana n'kuwanyenga. Kuwauza zoona ndiko kuwaphunzitsa. Madzulo ano, musanagone, penyani pansi pa phazi la wodwala wanu.

Tsalani bwino.