Khutu ndi buku zimafunika zonse pophunzira gitala

Achinyamata ambiri amene akugwira gitala koyamba amakumana ndi funso lakuti kodi ayambe ndi kutola nyimbo pongomvera, kapena ayambe aphunzira malamulo a kaimbidwe olembedwa m'mabuku. Funsoli ndi lalikulu, chifukwa njira imene munthu wasankha ndi imene imachititsa kuti adzathe kuimba ndi gulu lililonse kapena angokakamira pa nyimbo zochepa zimene analoweza.

Mbiri ya nyimbo m'dziko muno ikuonetsa kuti khutu ndilo linali mphunzitsi woyamba. Malemu Daniel Kachamba, amene anabadwa m'chaka cha 1947 ndi kumwalira mu 1987, sanaphunzire gitala m'kalasi. Iye ndi mng'ono wake Donald, a ku Chileka m'boma la Blantyre, anatola kaimbidwe ka kwela kochokera ku South Africa pongomvera, makamaka pa nthawi imene banja lawo linkakhala ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo mu 1967, ndipo m'zaka za m'ma 1970 luso lawo linamveka mpaka ku Ulaya. Nayenso malemu Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anamwalira mu 1995, anali wosaona, choncho zonse zimene ankaimba zinadzera m'khutu.

Kutola nyimbo pomvera kuli ndi ndondomeko yake. Wophunzira amayamba ndi kuchuna bwino nsambo zisanu ndi imodzi za gitala, zomwe kawirikawiri zimaikidwa pa E, A, D, G, B ndi E. Akatero amamvetsera kachigawo kakang'ono ka nyimbo mobwerezabwereza mpaka atatha kukang'ung'udza pakamwa, pakuti chimene pakamwa palephera kutulutsa, zala nazo zimachiphonya. Kenaka amafufuza liwu limene nyimbo imapumirapo, lomwe oimba amalitcha kiyi, ndi kutsatira mawu a besi kuti adziwe pamene makodi akusinthira. Masiku ano ntchitoyi yapepuka chifukwa foni ikhoza kuchedwetsa nyimbo popanda kusintha kiyi yake.

Komabe khutu palokha lili ndi malire. Woimba amene analoweza malo oika zala koma sadziwa chifukwa chake amasowa pogwira mtsogoleri wa kwaya akapempha kuti nyimbo itsitsidwe pofuna kuthandiza oimba mawu okwera. Apa ndi pamene maphunziro a kaimbidwe amaonetsa phindu lake.

Maphunzirowa amafotokoza kuti pa gitala pali manotsi 12 amene amangobwerezedwa, ndipo kiyi iliyonse imasankhapo asanu ndi awiri. Nyimbo zambiri za kwela, za m'tchalitchi ndi zovina zimayenda pa makodi atatu: yoyamba, yachinayi ndi yachisanu. Mu kiyi ya G, makodiwa ndi G, C ndi D, pamene mu kiyi ya C amakhala C, F ndi G. Munthu amene wamvetsa zimenezi saloweza nyimbo imodziimodzi ngati yachilendo, koma amazindikira njira imene nyimbo zambiri zimadutsamo, ndipo amatha kusamutsa nyimbo kuchoka pa kiyi ina kupita pa ina nthawi yomweyo.

Kwa Amalawi ambiri maphunzirowa si achilendo kwenikweni. Makwaya a m'mipingo akhala akugwiritsa ntchito do, re, mi kuyambira nthawi ya amishonale, njira imene inafalitsidwa ndi m'busa wa ku England, John Curwen, m'zaka za m'ma 1800. Makodi atatu aja amamangidwa pa do, fa ndi so, kotero amene anakulira m'kwaya ali kale ndi poyambira.

Ngozi ina ili kwa amene amadalira pepala lokha. Otere amatha kutchula dzina la kodi iliyonse, koma pepala likachotsedwa manja amauma. Kuonjezera apo, kakhwatchulidwe ka nsambo ndi kayendedwe ka nyimbo monga manganje sizilembeka mokwanira, zimafuna kumva ndi kuonera kwa amene amaziimba.

Njira yothandiza ndi yoyamba ndi nyimbo, buku n'kubwera pambuyo kudzatchula dzina la chimene khutu lamva kale. Wophunzira amene ali ndi ola limodzi pa tsiku akhoza kuthera nthawi yambiri akutola ndi kuimba nyimbo, kenaka mphindi zotsalazo n'kulemba makodi ake mwa manambala ndi kuyesa kuiimba mu kiyi ina. Lamulo lililonse latsopano liyenera kuyesedwa pa nyimbo yeniyeni tsiku lomwelo, kuopa kuti lingangokhala m'kope.

Amene akufuna kupitiriza maphunzirowa ali ndi kopita, monga ku University of Malawi ku Zomba ndi ku Music Crossroads Academy ku Lilongwe, yomwe inatsegulidwa mu 2013. Ngakhale kumalo oterewa, kuphunzitsa khutu kuzindikira manotsi ndi makodi ndi gawo la maphunziro, limodzi ndi kuwerenga nyimbo zolembedwa.